Kodi Hitler yekha ndiye anayatsa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse?

Funso: Ndine mphunzitsi wa mbiri pa sukulu ina ya sekondale. Ana akandifunsa chimene chinayambitsa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndimangoti Hitler ndi pangano la Versailles, monga zilili m'manotsi athu. Koma ndekha sindikhutira. Kodi munthu mmodzi angayatse nkhondo yotere? Inayenda bwanji mpaka iye kugonja? Nanga makolo athu a ku Nyasaland anakatani ku Ethiopia ndi ku Burma?

Aphunzitsi, kusakhutira kwanuko n'koyenera. Hitler anaifunadi nkhondo, anaikonzekera, ndipo ndi iye analamula asilikali kulowa m'dziko la Poland pa 1 Sepitembala 1939. Mlandu umenewo palibe angamuchotsere. Koma pofika tsiku limenelo anthu anali atafa kale miyandamiyanda ku China ndi ku Ethiopia, m'manja mwa maboma ena awiri a mtima wofanana ndi wake, mayiko amphamvu akungoonerera. Chimene ndikufuna ana anuwo amve n'chakuti iyi inali nkhondo yolanda malo, chakudya ndi mafuta, yoyambitsidwa ndi maboma amene ankakhulupirira kuti mitundu ina ya anthu inabadwira kulamula, ina kugwira ukapolo kapena kufa. Inakula chonchi chifukwa olanda oyambawo sanaletsedwe nthawi imene kuwaletsa kunali kosavuta.

Tiyambe ndi Versailles, popeza ndi imene ili m'manotsi. Nkhondo yoyamba, imene makolo kuno ankaitcha ya Chiwaya, inatha mu Novembala 1918. Pangano la pa 28 Juni 1919 linadula zigawo zina za Germany, linalamula kuti asilikali ake asapitirire 100,000, linaletsa dzikolo kukhala ndi ndege zankhondo ndi akasinja, ndipo linalilipiritsa chipukuta misozi chimene mu 1921 anachiika pa mamaki a golide 132 biliyoni. Mayiko amene Germany inkalamulira mu Africa anagawidwa: Tanganyika kwa Angerezi, Rwanda ndi Burundi kwa Belgium, dziko limene lero ndi Namibia kwa South Africa. Ajeremani ambiri anawawidwa mtima, makamaka chifukwa akuluakulu a asilikali anafalitsa bodza lakuti gulu lawo silinagonje pa nkhondo koma linaperekedwa ndi andale, achikomyunizimu ndi Ayuda otsala kumudzi. Mu 1923 ndalama yawo inagwa mpaka dola imodzi inkagulidwa ndi mamaki oposa 4 thililiyoni.

Zonsezi n'zoona, koma musamaimire pamenepa. Pa chisankho cha 1928, patapita zaka 9 chisainire panganolo, chipani cha Hitler cha Nazi chinapeza mavoti osakwana atatu pa 100 alionse. Chikhala kuti Versailles payokha ndi imene inabala Hitler, bwenzi atapambana kale nthawi imeneyo. Chimene chinamukweza ndi kugwa kwa chuma cha dziko lonse kumene kunayambira ku New York mu Okutobala 1929. Mabanki a ku America anaitanitsa ngongole zawo, mafakitale a ku Germany anatsekedwa, ndipo pofika 1932 anthu 6 miliyoni anali pa ulova. Mavoti a Nazi anakwera kufika 18 pa 100 mu 1930, kenako 37 pa 100 mu Julayi 1932. Onani kuti sanafike pa theka. Pa chisankho chaufulu Hitler sanapezepo mavoti a anthu oposa theka, ndiponso boma sanalilande ndi mfuti. Anaikidwa pa udindo wa nduna yaikulu pa 30 Januwale 1933 ndi pulezidenti wokalamba Paul von Hindenburg, potsatira uphungu wa andale monga Franz von Papen, amene ankaganiza kuti amugwiritsa ntchito kuphwanya achikomyunizimu ndi mabungwe a apantchito kenako n'kumutaya. Pasanathe miyezi iwiri nyumba ya malamulo inali itapsa, ufulu wa nzika utaimitsidwa, ndende ya Dachau itatsegulidwa, ndipo aphungu anali atavota kupatsa boma lake mphamvu zopanga malamulo popanda iwo. Pofika Julayi chaka chomwecho m'dzikomo munatsala chipani chimodzi.

Umboni wina wakuti Versailles si nkhani yonse ndi uwu: Italy ndi Japan zinali mbali ya opambana pa nkhondo yoyamba, komabe zinayamba kulanda mayiko Germany isanayambe. Benito Mussolini anatenga boma la Italy mu Okutobala 1922, ndipo ndi iye anaonetsa njira: mtsogoleri mmodzi wosatsutsika, chipani chimodzi, anyamata a malaya akuda omenya otsutsa m'misewu, nyuzipepala zoimba nyimbo imodzi, ndi chiphunzitso chakuti mtundu umakula ndi nkhondo. Ku Japan kunali kosiyanako. Kumeneko mphamvu zinalowa pang'onopang'ono m'manja mwa akuluakulu a asilikali, pansi pa dzina la mfumu Hirohito, ndipo andale amene ankakana ankaphedwa, monga anaphedwera nduna yaikulu Inukai Tsuyoshi mu 1932. Japan inali ndi mafakitale koma inalibe mafuta, chitsulo chokwanira ndi mphira. Mayiko atatu onsewa ankayang'ana Britain ndi France, zimene zinali zitagawana kale Africa ndi Asia, n'kumati nafenso tikufuna gawo lathu.

Japan ndi imene inayamba. Mu Sepitembala 1931 asilikali ake anaphulitsa okha njanji pafupi ndi Mukden, n'kunamizira Atchaina, n'kulanda chigawo chonse cha Manchuria. Bungwe la League of Nations, limene linakhazikitsidwa kuti liziletsa nkhondo, linatumiza ofufuza, linadzudzula, ndipo Japan inangotuluka m'bungwemo mu 1933. Mu Julayi 1937 inalowa m'China monse, ndipo mu Disembala chaka chomwecho asilikali ake anapha ndi kugwirira anthu wamba osawerengeka mumzinda wa Nanjing. Kwa Atchaina nkhondoyi inayamba kalekale 1939 isanafike.

Pa Ethiopia ndikhalitsapo, chifukwa m'makalasi mwathu timaidutsa mwaliwiro pomwe ndi pamene dziko linataya mwayi waukulu. Ataliyana anali ndi chilonda cha ku Adwa, kumene mfumu ya Ethiopia Menelik II inawagonjetsa mu 1896. Pa 3 Okutobala 1935 Mussolini anatumiza asilikali kuchokera ku Eritrea ndi ku Somalia, ndi ndege ndi akasinja. Ethiopia inali membala wa League of Nations, ndipo malamulo a bungwelo ankati woputa membala mmodzi waputa onse. Bungwelo linaikadi ziletso za malonda, koma mafuta silinawaikemo, pomwe popanda mafuta ndege ndi magalimoto a Mussolini zikanaima. Ngalande ya Suez, imene sitima zake zonse zinkadutsamo, inali m'manja mwa Angerezi ndi Afalansa, ndipo sanaitseke. M'malo mwake nduna za mayiko awiriwa, Samuel Hoare ndi Pierre Laval, zinagwirizana mobisa mu Disembala 1935 zopatsa Italy gawo lalikulu la Ethiopia, ndipo chiwembucho chinalephereka chifukwa chinaululika m'nyuzipepala. Ndege za Italy zinathira mpweya wa poizoni pa asilikali, pa midzi ndi pa mitsinje. Addis Ababa inagwa mu Meyi 1936. Mwezi wotsatira Haile Selassie, mfumu ya Ethiopia, anaima pamaso pa League ku Geneva n'kuchenjeza kuti chimene chachitikira dziko lake chidzafikanso kwa mayiko ena ang'onoang'ono. Patangopita milungu yochepa ziletso zija zinachotsedwa. Mu Febuluwale 1937, anthu ena atayesa kupha bwanamkubwa Rodolfo Graziani, Ataliyana anapha anthu zikwizikwi mu Addis Ababa kwa masiku atatu. Ine ndimaona kuti chifukwa chenicheni chimene Britain ndi France zinalekerera n'chakuti wolandidwayo anali munthu wakuda, ndipo iwo eni anali ndi mayiko olanda ochuluka kuposa a Mussolini. Hitler anaona zonsezi n'kuphunzirapo.

Zimene anachita kenako zili ngati mnansi amene amasuntha malire a munda mzere umodzi chaka chilichonse, n'kumalumbira kuti mzere umenewo ndi wotsiriza. Mu 1935 analengeza kuti akumanganso gulu lankhondo. Mu Malichi 1936 analowetsa asilikali ku Rhineland, kumene pangano linaletsa, nthawi imene France ikanatha kuwabweza. Iye ndi Mussolini anathandiza Francisco Franco pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Spain, ndipo ndege zawo zinaphwanya tawuni ya Guernica mu Epulo 1937. Mu Malichi 1938 anameza Austria. Mu Sepitembala 1938 ku Munich, Neville Chamberlain wa Britain ndi Édouard Daladier wa France anamupatsa chigawo cha Sudetenland, eni dziko a Czechoslovakia osaloledwa n'komwe kukhala pa zokambiranazo. Mu Malichi 1939 analowa mu Prague n'kutenga chotsalacho.

Ana akafunsa chifukwa chake atsogoleriwa ankagonjera, musangoti anali amantha. France inataya amuna oposa 1.3 miliyoni pa nkhondo yoyamba, ndipo panalibe mudzi wopanda amasiye. Ambiri ku London ndi ku Paris ankaopa chikomyunizimu cha Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, kuposa Hitler. America sinali mu League ndipo sinkafuna za ku Ulaya. Zifukwazi n'zomveka, komabe kuweruza kwawo kunali kolakwika, pakuti Hitler anali atalemba yekha m'buku lake kuti akufuna malo kummawa kwa Ulaya ndiponso kuti Ayuda ndi adani oyenera kuchotsedwa. Malamulo a Nuremberg a 1935 anali atawalanda kale unzika, ndipo pa 9 ndi 10 Novembala 1938 masunagoge anatenthedwa m'dziko lonse dziko lapansi likuona. Chitseko chomaliza anatsegula ndi Stalin: pa 23 Ogasiti 1939 Soviet Union ndi Germany zinasaina pangano losamenyana, lokhala ndi mfundo zachinsinsi zogawana Poland ndi mayiko a m'mbali mwa nyanja ya Baltic. Germany inalowa pa 1 Sepitembala, Britain ndi France zinalengeza nkhondo pa 3, ndipo asilikali a Stalin analowa kuchokera kummawa pa 17.

Zaka ziwiri zoyamba zinali za Germany. Denmark ndi Norway zinagwa kuyambira mu Epulo 1940. Pa 10 Meyi, tsiku limene Winston Churchill anakhala nduna yaikulu ya Britain, Ajeremani anaukira kumadzulo. Akasinja awo sanali ochuluka kuposa a adani awo, koma ankawayendetsa pamodzi m'magulu akuluakulu, olumikizana pa wailesi, ndege zikuwatsegulira njira, ndipo anadutsa m'nkhalango ya Ardennes kumene Afalansa sankayembekezera. Asilikali pafupifupi 338,000 a Britain ndi France anathawitsidwa pa nyanja ku Dunkirk. Paris inagwa pa 14 Juni. Pakati pa omenyera France panali asilikali akuda a ku West Africa, ndipo ambiri a iwo atagwidwa, Ajeremani anawapatula n'kuwawombera, monga zinachitikira ku Chasselay. Britain inapulumuka chifukwa cha nyanja, sitima zake zankhondo, ndi ndege zake zimene zinkatsogoleredwa ndi makina a radar m'miyezi yotsatira.

Apa ndi pamene makolo athu akulowera. Nyasaland inali pansi pa Britain, choncho London italengeza nkhondo, nafenso tinali pa nkhondo popanda wotifunsa. Amuna ankalembedwa m'gulu la King's African Rifles, KAR, limene likulu lake kuno linali ku Zomba. Pa pepala anali odzipereka okha. Ena analowadi mwa kufuna kwawo, pofuna malipiro, ndalama ya msonkho, yunifolomu kapena kuona dziko. Koma mafumu ankakakamizidwa ndi boma kupereka anyamata, ndipo si aliyense akanakana. Mussolini atalowa nkhondo pa 10 Juni 1940, Italy inali ndi asilikali ambiri ku Ethiopia, Eritrea ndi Somalia, moyandikana ndi Kenya ndi Sudan. Asilikali a ku Nyasaland anamenya ku Moyale, pa malire a Kenya ndi Ethiopia, mu Julayi 1940. Mu Ogasiti, pamodzi ndi a Northern Rhodesia Regiment a ku Zambia ya lero, anali pa mapiri a Tug Argan ku British Somaliland, kumene anachulukidwa mpaka kuchotsedwa pa sitima ku Berbera. Mu 1941 zinatembenuka. Gulu lochokera ku Kenya, la asilikali a KAR, a ku Nigeria, a ku Gold Coast (Ghana ya lero) ndi a ku South Africa, linatenga Mogadishu mu Febuluwale n'kufika ku Addis Ababa pa 6 Epulo, pamene asilikali a ku India ndi Angerezi ankathyola linga la Keren ku Eritrea, ndipo zigawenga za Aitiopiya eni, zimene sizinasiye kumenya chiyambire 1936, zinkasautsa Ataliyana mkati. Haile Selassie anabwerera kwawo pa 5 Meyi 1941, ndipo Gondar, linga lomaliza la Ataliyana, inagwa mu Novembala. Dziko loyamba kuomboledwa m'manja mwa maboma ankhanzawa linali la mu Africa, ndipo ambiri mwa oliombola anali anthu akuda. Mu 1942 a KAR anatumizidwanso ku Madagascar, chifukwa Angerezi ankaopa kuti Afalansa ogwirizana ndi Germany alola Japan kuikako sitima zoyenda pansi pa madzi.

Koma mtima wa nkhondo yonse unali kummawa kwa Ulaya, ndipo ana ayenera kudziwa zimenezi ngakhale mafilimu ambiri saonetsa. Pa 22 Juni 1941 Hitler anaswa pangano lake ndi Stalin n'kulowa mu Soviet Union ndi asilikali oposa 3 miliyoni. Ankafuna tirigu wa ku Ukraine, mafuta a ku Caucasus ndi malo okhazikitsako Ajeremani, ndipo ankauza anzake kuti Russia idzakhala kwa Germany chimene India inali kwa Britain. Akuluakulu ake anali atakonza kale zolanda chakudya, akudziwa kuti anthu mamiliyoni makumi angapo afa ndi njala. Imeneyi inali nkhondo ya atsamunda yochitikira pakati pa Ulaya, ndipo Germany inali itachitapo kale zofanana nazo kwa Aherero ndi Anama ku Namibia kuyambira 1904. Mwa asilikali a Soviet oposa 5 miliyoni amene anagwidwa, pafupifupi 3 miliyoni anafera m'manja mwa Ajeremani, ambiri ndi njala. Mzinda wa Leningrad unazingidwa masiku oyandikira 900, ndipo anthu wamba oposa 800,000 anafa. M'mbuyo mwa asilikali munkabwera magulu owombera Ayuda. Ku Babi Yar, pafupi ndi Kyiv, anapha anthu 33,771 m'masiku awiri mu Sepitembala 1941. Mu Januwale 1942 akuluakulu anakumana ku Wannsee kukonza zosonkhanitsa Ayuda a mu Ulaya monse, ndipo misasa ngati Treblinka ndi Auschwitz inakhala malo ophera anthu ndi mpweya wa poizoni, sitima zapamtunda zikuwatuta usana ndi usiku. Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anaphedwa, pamodzi ndi anthu a mtundu wa Aromani (amene ena amawatcha Majipisi), anthu olumala ndi ena ambiri. Pophunzitsa musaike zimenezi pambali ngati ngozi ya pa nkhondo. Kupha kumeneku kunali chimodzi mwa zolinga za nkhondoyo.

Ajeremani anaima pa khomo la Moscow mu Disembala 1941. Timakonda kunena kuti anagonja ndi chisanu, koma chisanu chinkagwera mbali zonse. Chenicheni n'chakuti dzikolo linali lalikulu, njanji zake zinali za muyezo wina, gulu la Germany linkadalira akavalo oposa 600,000 kukoka katundu, ndipo Soviet Union inasamutsa mafakitale oposa 1,500 kupita kummawa n'kupitiriza kupanga akasinja ndi mizinga. Mu Disembala womwewo Japan inachita chake. America itaiika pa chiletso cha mafuta chifukwa cha zochita zake ku China ndi ku Indochina, akuluakulu a asilikali anasankha kukalanda zitsime za mafuta za ku Indonesia ya lero, ndipo pofuna kuti sitima za America zisawaletse, anaphulitsa Pearl Harbor pa 7 Disembala 1941. Pa 11 Disembala Hitler analengeza yekha nkhondo ndi America. Singapore inagwa mu Febuluwale 1942, asilikali pafupifupi 80,000 a mbali ya Britain n'kugwidwa, ndipo anthu a ku Asia anaona ndi maso kuti mzungu amagonja. Komabe Japan sinabwere kudzaombola aliyense. Inagwiritsa anthu thangata pomanga njanji ya ku Burma, ndipo inagwira akazi a ku Korea ndi a mayiko ena ukapolo wa chiwerewere.

Kuyambira pamenepo mayiko atatu aja anali akumenyana ndi Britain ndi mayiko ake onse, Soviet Union, America ndi China nthawi imodzi, ndipo chuma chawo sichikanatha. America yokha inapanga ndege pafupifupi 300,000 m'zaka za nkhondoyi, ndipo inatumiza ku Soviet Union magalimoto pafupifupi 400,000, chakudya ndi zitsulo. Mkuwa wa ku Copperbelt unkapita ku mafakitale a zipolopolo, ngakhale okumba ake ankalipidwa zochepa, moti atanyanyala ntchito mu 1940 asilikali anawombera ndi kupha ena ku Nkana. Akatswiri a ku Bletchley Park ku Britain, pomanga pa ntchito imene anayamba akatswiri a ku Poland, ankawerenga mauthenga achinsinsi a Germany. Zipatso zake zinaoneka m'miyezi yochepa. Ku Midway mu Juni 1942 Japan inataya sitima zinayi zonyamula ndege. Ku El Alamein, ku Egypt, mkulu wa asilikali a Germany Erwin Rommel anabwezedwa mu Novembala 1942, ndipo pofika Meyi 1943 asilikali a Germany ndi Italy oyandikira 250,000 anagonja ku Tunisia. Ku Stalingrad anamenyana nyumba ndi nyumba kwa miyezi, mpaka gulu lonse la Germany lotsogoleredwa ndi Friedrich Paulus linazingidwa n'kugonja pa 2 Febuluwale 1943. Ku Kursk mu Julayi 1943 Germany inayesanso kuukira kummawa n'kulephera. Mwezi womwewo Sicily italowedwa, anzake a Mussolini anamuchotsa pa mpando.

Tsiku la 6 Juni 1944, pamene asilikali pafupifupi 156,000 a America, Britain ndi Canada anakocheza ku Normandy, ku France, ndi lofunikadi, ndipo linachititsa kuti kumadzulo kwa Ulaya kusagwe m'manja mwa Stalin. Koma mwezi womwewo asilikali a Soviet anaphwanya gulu lalikulu la Germany ku Belarus, ndipo pa asilikali anayi alionse a Germany amene anafa pa nkhondoyi, pafupifupi atatu anafera kummawa. Gulu la France limene linakocheza ku Provence mu Ogasiti linali lodzaza ndi amuna a ku Algeria, Morocco, Tunisia ndi West Africa.

Tsopano za Burma. Japan inalanda dzikolo mu 1942 ndipo mu 1944 inayesa kulowa mu India, koma inabwezedwa ku Imphal ndi ku Kohima. Angerezi analibe amuna okwanira, ndiponso ankakhulupirira kuti munthu wakuda apirira kutentha ndi malungo kuposa mzungu. N'chifukwa chake gulu la 11th East African Division, la asilikali a ku Nyasaland, Northern Rhodesia, Kenya, Uganda ndi Tanganyika, linatumizidwa ku Ceylon (Sri Lanka ya lero) kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango, kenako n'kupatsidwa ntchito yothamangitsa Ajapani m'chigwa cha Kabaw kuyambira mu Ogasiti 1944, m'kati mwa mvula yamphamvu ya kumeneko, nyengo imene magulu ankhondo ankapuma. Misewu inasanduka matope, chakudya chinkaponyedwa ndi ndege, ndipo malungo, kamwazi ndi matenda ofala ndi tizilombo ta m'tchire zinagwetsa amuna ambiri kuwonjezera pa zipolopolo. Anafika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala, n'kutsegula njira imene gulu la William Slim, mkulu wa asilikali a Britain, linadzera polowa pakati pa Burma. Magulu awiri a ku West Africa ankamenya ku Arakan. Akuluakulu onse a maudindo apamwamba anali azungu, ndipo nkhondo itatha ndalama yothokozera msilikali mzungu inali pafupifupi katatu ya msilikali wakuda wa udindo womwewo. Ndiye ana akafunsa kuti agogo awo anakatani kumeneko, auzeni zonse ziwiri: anathandizadi kugonjetsa maulamuliro oipitsitsa, ndipo anachita zimenezo pansi pa mbendera ya boma limene nalonso linkawayesa anthu otsika.

Opambanawo sanali oyera, ndipo kubisa zimenezi n'kunamiza ana. Apolisi a Stalin anawombera akuluakulu a asilikali ndi anthu ophunzira a ku Poland pafupifupi 22,000 mu 1940, ku Katyn ndi malo ena. Ku Bengal, pansi pa ulamuliro wa Britain, anthu oyandikira 3 miliyoni anafa ndi njala ya 1943 boma likuika za nkhondo patsogolo. Mabomba a moto anapsereza Hamburg, Dresden ndi Tokyo, kumene anthu pafupifupi 100,000 anafa usiku umodzi mu Malichi 1945. Asilikali a Soviet polowa mu Germany anagwirira akazi ambirimbiri. Ku Thiaroye, ku Senegal, Afalansa anawombera asilikali awo akuda mu Disembala 1944 chifukwa chofunsa malipiro awo. Ngakhale zili choncho, sindikayika kuti kugonja kwa Hitler ndi anzake kunali kofunika, chifukwa mbali imodzi yokha ndi imene inali ndi cholinga chofafaniza mitundu yathunthu ya anthu.

Mussolini anaphedwa ndi zigawenga za kwawo pa 28 Epulo 1945. Hitler anadzipha pa 30 Epulo asilikali a Soviet ali m'misewu ya Berlin, ndipo Germany inagonja pa 8 Meyi. America inaponya mabomba a atomu pa Hiroshima pa 6 Ogasiti ndi pa Nagasaki pa 9 Ogasiti, ndipo miyala yambiri ya uranium ya ntchito yopanga mabombawo inakumbidwa ku Shinkolobwe ku Congo. M'masiku omwewo Soviet Union inaukira Ajapani ku Manchuria. Hirohito analengeza kugonja pa 15 Ogasiti, ndipo zikalata zinasainidwa pa 2 Sepitembala. Anthu onse akufa anaposa 60 miliyoni, ambiri mwa iwo anthu wamba. Soviet Union yokha inataya pafupifupi 27 miliyoni, China oposa 10 miliyoni, Poland pafupifupi 6 miliyoni.

Mu Ogasiti 1941 Churchill ndi Franklin Roosevelt, pulezidenti wa America, anali atalengeza m'chikalata cha Atlantic Charter kuti anthu onse ali ndi ufulu wosankha boma lawo. Mwezi wotsatira Churchill anauza nyumba ya malamulo kuti mawuwo ankanena za mayiko a ku Ulaya olandidwa ndi Nazi, osati mayiko olamulidwa ndi Britain. Koma anthu anali atawamva kale. Kuno Nyasaland African Congress inakhazikitsidwa mu 1944, Levi Mumba ali mtsogoleri wake woyamba. Ku Sétif, ku Algeria, pa 8 Meyi 1945 pomwepo, zionetsero zofuna ufulu zinathera m'chipolowe, ndipo Afalansa anabwezera popha anthu zikwizikwi. Britain ndi France zinatuluka m'nkhondoyi zili ndi ngongole komanso zofooka, ndipo India inadziimira payokha mu 1947. Maboma awiri opondereza a ku Ulaya amene sanalowe nawo nkhondo anasiyidwa osakhudzidwa. Franco analamulira Spain mpaka imfa yake mu 1975. Boma limene António Salazar anakhazikitsa ku Portugal linakhalapo mpaka 1974, ndipo abale athu a ku Tete ndi ku Niassa anakhalabe pansi pa Portugal, akuvutika kwa zaka zambiri ndi ntchito yokakamiza ndi apolisi ake achinsinsi, mpaka Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975.